Aphungu aziyamba kukambirana bajeti mu Januwale

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za nthawi imene Nyumba ya Malamulo imayambira msonkhano wake wokambirana ndondomeko ya zachuma, popeza nkhaniyi imatikhudza kwambiri ife alimi.

Boma linachita bwino posintha chaka chake cha zachuma, chomwe kale chinkayamba pa 1 Julayi, kuti kuchokera mu 2022 chiziyamba pa 1 Epulo, ndipo n'chifukwa chake bajeti ya 2021/22 inali ya miyezi 9 yokha. Cholinga chinali chakuti ndalama zogulira zokolola zizipezeka alimi asanagulitse mbewu zawo. Komabe aphungu amayamba kukumana mu Febuluwale, ndipo pofika tsiku limene nduna ya zachuma yapereka bajeti, makomiti aiunika, aphungu onse n'kukambirana ndalama za unduna uliwonse, mwezi wa Malichi umakhala ukutha ndipo zambiri zimangodutsa mothamanga.

Kuno ku Dedza nyemba ndi soya sizidikira aphungu. Zikangocha, mavenda amakhala atapachika kale masikelo awo pa Chimbiya ndi pa Lizulu, ndipo mlimi amene ali ndi ngongole ya feteleza komanso fizi ya mwana sangasunge thumba lake poyembekezera kuti ADMARC ilandire ndalama. Mitengo yoyambira imene Unduna wa Zaulimi umalengeza imangothera papepala ngati pamsika palibe wogula woitsatira.

Pempho langa n'lakuti msonkhanowu uziyamba sabata yachiwiri ya Januwale, kuti bajeti izivomerezedwa Febuluwale asanathe, ndipo a zachuma azikhala ndi mwezi wathunthu wokonzekera kutulutsa ndalama pa 1 Epulo penipeni. Tsiku loyambira msonkhanowu lilembedwenso m'malamulo, chifukwa pakadali pano amalisankha ndi Sipikala pokambirana ndi Mtsogoleri wa dziko, motero limasinthasintha chaka ndi chaka.

Ena adzanena kuti Januwale ndi mwezi wa njala, choncho phungu ayenera kukhala kwawo ndi anthu ake. Ine ndikuona kuti nthawi imene chimanga chakwera mtengo ndi yomwenso phungu akufunika kuimirira m'Nyumbamo ku Lilongwe n'kufunsa nduna kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chifika liti kumidzi. Ndikupempha aphungu a ku Dedza ndi Ntcheu kuti akhale oyamba kukapereka ganizoli.

Mlimi wokhudzidwa,
Bembeke, Dedza