Nsanja yathu yabala nsanje

Ngabu, Lachinayi usiku

Wokondedwa Esinta,

Kalata yako inandipeza Lolemba. Anabwera nayo ndi mwana wa a Fole uja wa minibasi, itakwinyika ngati yagona m'thumba la mbatata. Ukuti ku Mzuzu ukufundabe bulangete mpaka lero? Usandipsetse mtima iwe. Kuno Okutobala watiphika, nkhuku zikungoyenda kukamwa yasa, mapiko ali pansi. Masana kukumapitirira madigiri 40, ndipo kamphepo kakati kawombe kamakhala ngati wina wavundukula mphika.

Wafunsa ngati tinasamukadi. Eya, tinasamuka. Ku Makhanga sitidzabwererakonso. Chichokereni ku kampu ya ku Bangula, madzi a Freddy atatithamangitsa mu 2023, takhala tikungodumphadumpha m'nyumba za lendi, ndiye bambo a Limbani atagulitsa ng'ombe ziwiri zotsala zija tinagula kanyumba kuno. Ndati kanyumba koma ndi chinyumba chachitali chopanda nzeru, kale ankasungiramo thonje. Zipinda ziwiri zokha, anthu ndife asanu ndi awiri. Ukayang'ana m'mwamba malo ali mbwee, pansi pano tikupondana.

Mwini wake wakale anagoneka mitanda pakati pa makoma ndi kuyalapo timatabwa, n'kumaponyapo masaka ndi sikelo. Tsiku lolowa, bambo a Limbani anaima pakati pa nyumba, manja m'chiuno, khosi chagada, ndipo ndinadziwiratu kuti ndalama ya feteleza yapita. Akuti anyamata azigona kumwambako.

Kalipentala anabwera, anagogoda mitanda ija ndi hamala n'kunena kuti masaka ingasenze koma anthu ayi, awonjezere ina inayi ya bulugama. Zimenezo ananena zoona, ndisamunamizire, chifukwa umodzi chiswe chinali chitaudya m'kati, kunja kokha kukuoneka bwino. Anatiuza kuti tipake oili wakuda wa galimoto mtengo uliwonse usanakwere. Nyumba inanunkha ngati galaja sabata yathunthu. Kenako munthu analandira theka la ndalama n'kusowa. Ukamuimbira akuti ali kumaliro. Maliro atatu m'masabata awiri, Esinta, mpaka ndinamufunsa ngati kwawoko kwatsala munthu woti adzamuike iyeyo.

Ndiye mileme! Titangochotsa timatabwa takale, inabuka ngati utsi. Tadala anathawira kwa aneba atanyamula poto wa ndiwo. Zitosi zake tinawola ndowa zisanu, ndipo Make Joyce anabwera kudzazipempha kuti akathire kudimba kwake, akuti mpiru umakondwa nazo. Anatenga zonse osasiya ndi zikomo yemwe.

Kutentha kwa pansi pa malata ndiye sindingakufotokozere. Tinaboola khoma mbali zonse ziwiri kumtunda kuja, n'kuika timawindo tiwiri toyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndi waya wa udzudzu. Siling'i ya kusitolo mtengo wake unatibweza pakhomo, choncho tinakhomera mikeka ya mlaza ndi mphasa kunsi kwa mapaso, kusiya kampata pakati pa izo ndi malata. Zathandizako, usiku munthu ungagoneko. Koma masana ukaiwalako kandulo umakaipeza itagona chammbali. Matabwa a paini nawo akudula ngati nyama. Iwe uli pafupi ndi Chikangawa, sungandiponyereko awiri pa basi? Ndikuseka, usandiyankhe zimenezo.

Makwerero ali ndi mapondero 11, ndawawerenga kokwanira. Atangoimikidwa, mbiri inawanda kuti Make Limbani wamanga nyumba yosanja. Kumjigo akundipatsa moni wa "abwana a m'mwamba". Anaphiri aja anabwera ngati akudzabwereka sefa, maso ali kudenga, potuluka n'kumati ena madzi anawalemeretsa. Ndinangomeza malovu. Tinachoka ku Nsanje koma nsanje yatitsatira, yadzapeza nsanja.

Tsono imva izi. Anyamata anagonako masiku atatu okha. Tsiku lachinayi lake ndikuchokera kumsika ndinapeza ndodo ya apongozi ili tsonga pansi pa makwerero, eni ake kulibe. Ndinafuna kuchimbudzi, kwa aneba, mpaka kumsewu. Kenako ndinamva kutsokomola kumwamba. Mayi woti kukwera pa kabaza timachita kumunyamula awiri! Anakwera bwanji, mpaka lero sanena. Ndipo zogona pansi sakufunanso. Amatsika kamodzi m'mawa dzuwa likayamba kuluma, Limbani atawagwira m'chiuno, n'kukhala pansi pa mtengo wa nimu tsiku lonse, koma likangopendeka ayambapo ulendo wobwerera. Nsima ya madzulo ndimachita kukwera nayo. Ndowa ya usiku ndine, kukwera nayo yopanda kanthu, kutsika nayo m'mawa dzanja limodzi lili pa makwerero. Bondo langa lamanzere lija layambiranso. Anyamata abwerera pabalaza, Limbani watalika moti miyendo yake imatsekereza chitseko, ndiye ng'ombe ziwiri zija tinagulitsiranji?

Chikundisowetsa tulo n'chakuti, bwanji tsiku lina akadzaterereka? Kapena, Mulungu andikhululukire, akadzatisiya ali komweko? Pobowo polowera m'pang'ono, munthu amadutsa chammbali. Tidzawatsitsa bwanji? Tidzachita kukhomola malata anthu akuonerera? Ndimagona n'kumayeza pobowo paja m'mutu, mapewa awo, chingwe, amuna angati. Ndipo ukuwadziwa alamu anga a ku Nchalo, adzanena kuti mkazi uja anakoleka mayi athu kudenga ngati chimanga cha mbewu. Ndayamba kale kukonza zodzayankha pabwalo, mlandu usanabadwe. Dzulo ndinauza bambo a Limbani kuti akulitse pobowo, iwo n'kundifunsa chifukwa chake, ine kukamwa gwa.

Ndinayesa kuwanyengerera apongoziwo. Ndinati amayi, kuno Shire ali kutali, Ruo tinamusiya kutsidya, tsikani muzigona ndi Tadala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayankha m'Chisena chawo chija, motsitsa mawu, kuti ulendo uno madzi akadzabwera adzawapeze ali pamwamba kale. Iwe sunaone, Esinta. Mausiku awiri anakhala mumtengo wa mango uja wa kuseri kwa tchalitchi, atadzimangirira ndi chitenje kunthambi, ndipo apongozi aamuna anali panthambi ya m'munsi. Sitinawapeze mpaka lero. Ndinatsika makwerero osanenanso kanthu, nsima yanga inazizira pambale.

Kumwambako asonkhanitsako zinthu. Baibulo, chitupa cha unzika atachikulunga m'majumbo atatu, machesi, kachigubu ka madzi, ndi kathumba ka mapira komwe ndinkakasakasaka mwezi wathunthu ndikunamizira makoswe. Ndinakalipa tsiku limenelo. Koma Lamlungu mitambo itangoda cha kumapiri a ku Thyolo, ndinapezeka ndakweza makadi a kusikelo ndi masatifiketi a ana, n'kuwapatsira kuti asunge. Analandira osandiyang'ana, anangosendeza Baibulo.

Ndikanaiwala, Tadala wakhoza mayeso a Fomu 4, ndipo amalume a ku Tengani tinaika mu Ogasiti, ndikhulupirira unamva. Shuga kuno wakweranso, ife oyandikana ndi minda ya nzimbe tikumwa tiyi wa dzina lokha. Buluzi wina wasankha kukhala mu ketulo yanga.

Ukabwera pa Khirisimasi ubwere ndi mafuta opaka bondo aja unandipatsa, a kabotolo kobiriwira. Malo ogona usadere nkhawa, ukagona kumwamba ndi apongozi, muzikacheza za mitengo. Ndiponso umuuze mwamuna wakoyo kuti ngongole ya

Akugogoda ndi ndodo kudenga, ndowa ija ndinaiwala kukweza. Pepala nalo latha, ndalembera kale m'mphepete.

Ndine,
Make Limbani