Moto wa Egypt ndi Algeria ankaukoleza ndi anthu osasewera mpira

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kuchokera Loweruka lina pamene ndinali kuonera mpira pa kanema pamodzi ndi anyamata a m'dera lathu. Masewero atatha, mmodzi wa iwo, amene mu 2009 ayenera kuti anali asanayambe n'komwe sukulu, anati mpira wa mu Africa unazilala, ndipo amalakalaka Flames itakhala ndi mdani weniweni monga momwe Egypt imadanirana ndi Algeria, chifukwa m'kuona kwake chidani ndicho chimakometsa mpira. Anzake onse anamuvomereza. Ine ndinangoti chete, popeza munthu wamkulu salimbana ndi ana pagulu, koma ndinapita kunyumba mawu ali kukhosi, ndipo mawu amenewo ndi amene ndabwera nawo kwa inu.

Ndivomereze kuti mnyamatayo sanaphonye kotheratu. Mpira wopanda kupikisana kochokera pansi pa mtima uli ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo ife tomwe Flames ikamakumana ndi Chipolopolo ya Zambia timanyogodolana ndi abale athu a ku Chipata mpaka mawu kusasa. Kumeneko ndiye kusangalala. Koma zimene zinachitika pakati pa Egypt ndi Algeria zinali zina, ndipo ambiri mwa anthu amene anazikoleza sanavalepo nsapato za mpira chibadwire.

Chimene achinyamata ambiri sadziwa n'chakuti mayiko awiriwa anali pa ubale wa ponda apa nane mpondepo. Pamene anthu a ku Algeria anayamba nkhondo yomenyera ufulu wawo kwa Afalansa mu 1954, dziko la Egypt pansi pa Gamal Abdel Nasser linawathandiza ndi zida, ndipo wailesi ya ku Cairo ndiyo inkafalitsa uthenga wawo kufikira pamene anapeza ufulu mu 1962. Ngakhale maimbidwe a nyimbo ya fuko la Algeria anawapeka ndi munthu wa ku Egypt, Mohamed Fawzi, kotero kuti nthawi zonse ochemerera a Egypt akamaimba miluzi ponyoza nyimboyo amakhala akunyoza ntchito ya mwana wa kwawo. Mu 1973 Algeria nayo inatumiza asilikali ndi ndege kukathandiza Egypt pa nkhondo. Ubale wonsewu ndi umene unatsala pang'ono kuthera pa masewero a mphindi 90.

Bala lalikulu linayamba mu Novembala 1989, pamene matimu awiriwa ankalimbirana malo ku Chikho cha Dziko Lonse cha 1990 ku Italy. Masewero oyamba ku Constantine anatha osagoletsana, ndipo achibwereza ku Cairo Egypt inapambana 1-0 ndi chigoli cha Hossam Hassan. Masewero atatha kunabuka chipwirikiti, ndipo pambuyo pake dokotala wa timu ya Egypt anavulazidwa ndi botolo mpaka diso kuwonongeka. Mlandu unagwera Lakhdar Belloumi, katswiri wa Algeria amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa mu 1981 ndiponso amene anamwetsa chigoli chogonjetsa West Germany mu 1982. Iye anakana mlanduwo, koma khoti la ku Egypt linamupeza wolakwa iye kulibe, ndipo chikalata cha Interpol, bungwe logwirizanitsa apolisi a mayiko osiyanasiyana, chofuna kumumanga chinamulepheretsa kuyenda momasuka kunja kwa dziko lake kwa zaka pafupifupi 20, mpaka pamene chinachotsedwa mu 2009.

Chaka chomwecho cha 2009 matimu awiriwa anapezeka m'gulu limodzi, pamodzi ndi Zambia ndi Rwanda, polimbirana malo amodzi okha opita ku Chikho cha Dziko Lonse cha 2010 ku South Africa. Anansi athu a Chipolopolo ali ndi gawo lawo pa nkhaniyi, chifukwa ndi iwo amene anakafanana mphamvu ndi Egypt 1-1 ku Cairo mu Malichi, n'kuisiya ikutsimphina kuchokera pachiyambi. Mu Juni Algeria inagonjetsa Egypt 3-1 ku Blida. Pofika pa masewero otsiriza a pa 14 Novembala ku Cairo, masamu anali osavuta: Egypt ikapambana ndi zigoli zitatu ipita ku South Africa, ikapambana ndi ziwiri matimu afanana pa chilichonse ndipo padzafunika masewero ena, koma china chilichonse chikanapereka mwayi kwa Algeria.

Kwa masabata angapo masewerowo asanachitike, mawailesi akanema ndi nyuzipepala za mayiko onse awiri zinasiya kukamba za mpira n'kuyamba kutukwana mitundu ya anthu, mbiri yawo ndi chilankhulo chawo. Pa 12 Novembala, timu ya Algeria itangofika ku Cairo, basi yake inagendedwa pa kamtunda kochepa kochokera ku bwalo la ndege kupita ku hotela. Magalasi anasweka, ndipo Khaled Lemmouchia, Rafik Halliche ndi Rafik Saïfi anavulala. Apa ndi pamene ndimafuna kuti inu atolankhani mumvetsere bwino. Ku Egypt ofalitsa nkhani ena anauza anthu kuti osewera a Algeria anaswa okha magalasi ali m'kati mwa basi pofuna kuti masewero asamutsidwe, ngakhale zithunzi za magazi zinali kuonekera dziko lonse. Ku Algeria nako nyuzipepala zina zinalemba kuti ochemerera awo aphedwa ku Cairo, nkhani imene inalibe umboni, koma imene inakwanira kuti anthu olusa akaphwanye maofesi a EgyptAir ndi a kampani ya mafoni ya Djezzy, yomwe eni ake anali a ku Egypt. Antchito wamba a ku Egypt amene ankadyera ku Algeria, anthu oti mwina ena mpira sankautsata n'komwe, anathawa kusiya ntchito ndi katundu wawo.

Masewero enieniwo, kunena chilungamo, anali okoma. Lemmouchia ndi Halliche analowa m'bwalo mitu ili yomangidwa mabandeji. Amr Zaki anagoletsa pa mphindi zoyambirira, Algeria inatseka pakhomo kwa nthawi yonse yotsala, ndipo pamene aliyense ankati zatha, Emad Moteab anamwetsa chachiwiri ndi mutu pa mphindi zowonjezera. Matimu onse anathera pa mapointi 13, zigoli zomwetsa 9 ndi zolowa 4. Patangopita masiku anayi, pa 18 Novembala, anakakumana ku Omdurman m'dziko la Sudan, kumene Antar Yahia, wosewera kumbuyo, anaumenya mpira uli m'malere chigawo choyamba chitatsala pang'ono kutha, n'kupititsa Algeria ku Chikho cha Dziko Lonse koyamba kuchokera mu 1986. Chigoli chimenecho n'chimene chinayenera kukhala nkhani, koma lero anthu ochepa okha ndi amene amachikumbukira poyerekeza ndi miyala.

Zimene zinatsatira sizinalinso za mpira. Egypt inati ochemerera ake anachitiridwa chipongwe ku Sudan ndipo inaitanitsa kazembe wake kuchoka ku Algiers. Khamu la anthu linalimbana ndi apolisi pafupi ndi ofesi ya kazembe wa Algeria ku Cairo, anthu n'kuvulala. Alaa Mubarak, mwana wa pulezidenti wa Egypt, anaimba foni pa wailesi yakanema kunyoza anthu a ku Algeria, ndipo bambo ake Hosni Mubarak anakayankhula za ulemu wa dziko m'nyumba ya malamulo. Boma la pulezidenti wa Algeria, Abdelaziz Bouteflika, nalo linali litakonza ndege zonyamula ochemerera zikwizikwi kupita ku Khartoum, likulu la Sudan, pa mtengo wozizira. Maganizo anga, A Mkonzi, ndi akuti atsogoleri a mbali zonse ziwiri anaona mwayi: achinyamata osowa ntchito, amene mawa akanafunsa za mtengo wa buledi, anapatsidwa mdani wakunja woti amulusire. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mbendera sinawadyetse, ndipo mu Febuluwale 2011 achinyamata a ku Cairo anamuchotsa Mubarak pampando, pamene Bouteflika anatula pansi udindo mu Epulo 2019 anthu atadzaza misewu ya Algiers.

Bungwe la FIFA linadzalipiritsa Egypt ndalama za ku Switzerland zokwana 100,000 chifukwa cha basi ija, n'kulamula kuti masewero ake awiri apakhomo odzipezera malo ku Chikho cha Dziko Lonse chotsatira achitikire kutali ndi Cairo.

Tsono chimene chimandiseketsa pang'ono, ndipo ndinkafuna kuti mnyamata uja achidziwe, n'chakuti zimphona ziwirizi, pa nthawi yomweyo imene zinkaopsezana, zonse zinagwa m'manja mwa Flames ya Kinnah Phiri. Pa 14 Juni 2008 ndinali pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, nditalawirira m'mawa kuti ndipeze pokhala, dzuwa likundiwamba pamutu ndipo m'mimba muli chimanga chootcha chokha. Egypt inabwera ili ndi chikho cha Africa chimene inali itangotenga ku Ghana. Mphindi 90 zitakwana anthu ena anali atayamba kale kutsika masitepe, akuti kufanana mphamvu ndi akatswiri a Africa si manyazi, ndipo pamenepo ndi pamene Chiukepo Msowoya anagwedeza ukonde. Bambo wina wa jekete amene ndinakhala naye pafupi, yemwe tinali tisanayankhulane tsiku lonse, anandikumbatira mpaka magalasi ake kugwa pansi, ndipo tinawafunafuna pakati pa miyendo ya anthu tikuseka ngati ana. Osewera a Egypt anatuluka m'bwalo ali amanyazi, koma athunthu.

Pa 11 Januwale 2010, patangotha miyezi yosakwana iwiri chichitikireni za ku Omdurman, inali nthawi ya Algeria. Ku Luanda m'dziko la Angola, pa masewero athu oyamba a mpikisano wa Africa Cup of Nations kuchokera mu 1984, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anaithira zigoli zitatu kwa duu timu imene inali pa ulendo wa ku Chikho cha Dziko Lonse. Ndikudziwa kuti pambuyo pake tinagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerako, ndipo sindikufuna kudziguguda pachifuwa mopitirira muyeso. Mfundo yanga ndi yakuti chimwemwe cha masiku awiri amenewo chinali chodzaza, ndipo sichinasowe chidani kuti chikome. Palibe Mmalawi amene ankadana ndi munthu wa ku Algiers madzulo amenewo. Tinkangofuna kuti mpira ulowe.

Mu mpikisano womwewo Egypt ndi Algeria zinakumananso ku Benguela pa 28 Januwale, m'ndime yolowera ku masewero otsiriza. Egypt inabwezera 4-0, ndipo Algeria inamaliza ndi osewera asanu ndi atatu okha, Halliche, Nadir Belhadj ndi goloboyi Faouzi Chaouchi atapatsidwa makhadi ofiira. Chigawo chachiwiri cha masewero amenewo chinali chosasangalatsa kuonera, chifukwa mkwiyo unali utalanda malo a luso. Egypt ya Hassan Shehata inatenga chikho kachitatu motsatizana koma Chikho cha Dziko Lonse inachionera pa kanema, mpaka mu 2018. Algeria ya Rabah Saâdane inapita ku South Africa n'kubwerako osagoletsa ngakhale chigoli chimodzi pa masewero atatu. Nanga miyala ija inapindulira ndani?

Sindikunena kuti ife ndife angelo. Ndinaonapo ndi maso anga basi ya timu ina ya mu ligi yathu ikutuluka m'bwalo osewera atagona pansi pa mipando poopa miyala, ndipo ogendawo anali anyamata a msinkhu wa amene ndinkaonera nawo mpira aja. N'chifukwa chake pempho langa likupita kwa inu olemba ndi oulutsa zamasewero. Pamene Flames ikukonzekera kukumana ndi anansi athu, tiuzeni za amene wavulala, za mmene mphunzitsi akufuna kuimikira anyamata pakati, za ndalama za osewera ngati zaperekedwa, ndi za mbiri ya matimuwo mmene inalili. Mawu onga akuti kukhetsa magazi, kubwezera chipongwe kapena kufafaniza mdani muziwaganizira kawiri musanawaike pamutu wa nkhani, ndipo mphekesera ya kuvulazidwa kwa ochemerera athu kunja muziyamba mwaitsimikiza musanaisindikize, chifukwa mwana amene wanyamula mwala kawirikawiri amakhala atamva kaye mawu kwa munthu wamkulu wa maikolofoni. Masiku ano ntchitoyi yakula, popeza bodza limene mu 2009 linkadikira kuti nyuzipepala ituluke m'mawa tsopano limafalikira pa Facebook ndi WhatsApp masewero asanathe.

Loweruka likubwerali ndikapitanso kukaonera mpira ndi anyamata aja, ndipo ndikamuuza mnyamata uja mbali ya nkhani imene sanaimve. Pa 19 Julayi 2019, m'bwalo lomwe lija la Cairo International Stadium m'mene Lemmouchia ndi Halliche anasewera mitu ili yomangidwa, Algeria ya Djamel Belmadi inagonjetsa Senegal 1-0 ndi chigoli cha Baghdad Bounedjah, ndipo nyimbo ya fuko ija ya maimbidwe a Mohamed Fawzi inaimbidwa mu mzinda wa Cairo tsiku limene Riyad Mahrez ananyamula chikho cha Africa.

Ine wanu wokonda mpira,
Ndirande, Blantyre