Kalata kwa makolo: kusintha kwa mayeso a masamu a Lachisanu

Okondedwa makolo ndi onse osunga ana,

Landirani moni kuchokera kuno ku Katoto. Tikufuna kukudziwitsani kuti kuyambira sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi, mayeso a masamu amene ana anu amalemba Lachisanu lililonse m'makalasi athu a madzulo asintha.

Mpaka pano anawo akhala akulemba mafunso 20 osankha yankho, aja a A, B, C, D. Tsopano a Fomu 3 ndi Fomu 4 azilemba mafunso 8 opanda mayankho osankhapo, ndipo aziyenera kuonetsa njira yonse imene adutsa kuti apeze yankho. A Sitandade 8, Fomu 1 ndi Fomu 2 azilemba mafunso osankha 10 ndi ena 4 oonetsa njira, popeza mayeso a PSLCE ndi JCE amakhalabe ndi mafunso osankha ndipo ayenera kuwazolowera.

Chifukwa chachikulu ndi MSCE. Pa mayeso amenewa bungwe la MANEB limapereka mapepala awiri a masamu, ndipo onse awiri amafuna kuti mwana alembe njira yake. Malikisi ambiri amagona m'njiramo. Mwana amene wakhala zaka ziwiri akungozunguliza chilembo amakafika m'chipinda cha mayeso n'kupeza malo opanda kanthu pansi pa funso, osadziwa poyambira.

Taonani chitsanzo ichi. Funso likuti pezani x ngati x² − 5x + 6 = 0, ndipo pansi pake pali mayankho anayi. Mwana wochenjera sadzivutitsa n'kufakitoraiza. Amatenga yankho A n'kuliika m'malo mwa x, likakana amayesa B, mpaka atapeza kuti 2 ndi 3 ndiwo akukwanira. Wakhoza, ndipo nzeru zake sitikuzinyoza, koma mutu umene timafuna kumuyesa sanaukhudze n'komwe. Mukamuchotsera mayankho anayi aja, cholembera chimaima.

Palinso kuombeza. Pamene mayankho ali anayi, munthu wongolota amakhoza funso limodzi mwa anayi alionse. Tiyerekeze kuti mwana akudziwadi mafunso 8 mwa 20, ndipo 12 otsalawo wangoombeza. Mwa 12 amenewa akhoza pafupifupi 3, ndiye abwera kunyumba ndi 11 pa 20, kapena kuti 55 peresenti. Inu musangalala, ifenso tiona ngati zikuyenda, pamene zimene akudziwa n'za 40 peresenti basi. Za kuonerana ndiye osanena: kunong'oneza "B, D, A" kwa mnzake wa pambali sikutenga nthawi, koma kukopera mizere isanu ndi umodzi ya alijebura mphunzitsi ali pomwepo n'kovuta.

Mayeso osankha amapondereza mwana wina amene sitimuganizira kawirikawiri, uja wakhama amene wayenda bwino njira yonse koma waiwala chizindikiro chochotsera pa mzere womaliza. Pa A, B, C, D amapeza ziro, chimodzimodzi ndi mnzake amene sanawerenge n'komwe funso. Akalemba njira yake, amalandira malikisi a zonse zimene wachita bwino, ndipo mphunzitsi amamulozera pamene anapunthwa.

Musatimve ngati tikuti mafunso osankha ndi achabechabe. Amachongeka msanga, amakhudza mitu yambiri m'mphindi zochepa, ndipo wochonga sangakondere kapena kulanga mwana chifukwa cha zolemba zosaoneka bwino. Akakonzedwa mwaluso amaululanso maganizo a mwana. Tikafunsa 1/2 + 1/3 n'kuika 2/5 pakati pa mayankho, aliyense wosankha 2/5 watiuza yekha kuti akuphatikiza manambala a pamwamba paokha ndi a pansi paokha, ndipo Lolemba timadziwa poyambira kuti afike pa 5/6. N'chifukwa chake sitikuwataya. Makalasi onse, ngakhale a Fomu 4, aziyamba phunziro la Lolemba ndi mafunso osankha asanu, koma malikisi ake sazilowa mu lipoti.

Kusinthaku kukukhudzani inu m'njira zingapo. Zotsatira zimene tinkakutumizirani pa WhatsApp Lachisanu madzulo zizibwera Lachiwiri, chifukwa kuwerenga njira ya mwana aliyense mzere ndi mzere kumadya nthawi. Mayeso azitenga ola lathunthu, choncho Lachisanu tiziweruka 5:30 m'malo mwa 5 koloko. Makolo a ana ochokera kutali monga ku Mchengautuwa, Zolozolo, Chibavi ndi Luwinga, chonde panganani ndi a kabaza anu, makamaka masiku a mvula ndi miyezi yozizira imene kumada msanga. Ngati nthawiyi siyingatheke kwa mwana wanu, tiuzeni kuti azilemba Loweruka m'mawa.

Mwana aliyense abwere ndi kope lapadera la mayeso okha, pensulo, rula ndi seti ya masamu. Kopeli azibwera nalo kunyumba Lachiwiri kuti muone ndi maso anu ndi kusainira. Ndalama zolipira pa mwezi sizikusintha.

Tikupempheni chinthu chimodzi. Masabata oyambirira malikisi atsika, ena atsika kwambiri. Mwana amene ankabweretsa 70 atha kubweretsa 45. Musafulumire kumukalipira kapena kuganiza kuti wayamba kuchita zibwana, chifukwa 45 ameneyo ndiye akuonetsa pamene mwana alidi. M'malo mofunsa kuti "wapeza zingati?", tsegulani kope lija mumuuze akufotokozereni funso limodzi mmene analipezera. Ngakhale masamu munawasiya kalekale, mudzamva nokha ngati akudziwa zimene akunena.

Amene muli ndi mafunso kapena simukugwirizana nazo, tidzakhala pa malo athu Loweruka loyamba la teremu kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Tidzakhala ndi mapepala akale a MANEB kuti mudzaone nokha mmene mafunso amabwerera.

Ndife anu,
Aphunzitsi a masamu, Katoto, Mzuzu