Wazisudzo akayamba kuyimba atakula, timve kaye nyimbo yake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chizolowezi chimene chikukula pakati pathu, chonyoza akatswiri a zisudzo amene aganiza zolowa mu situdiyo kukajambula nyimbo atapitirira zaka 50. Kuno ku Mangochi nkhaniyi ili m'kamwam'kamwa chifukwa bambo ena amene akhala akutiseketsa ndi kutiphunzitsa kudzera m'masewero kwa zaka zambiri, kuyambira pa Boma mpaka ku Namwera ndi ku Monkey Bay, tsopano akukonza chimbale chawo choyamba. Ambiri mwa anthu amene akuthirira ndemanga m'minibasi ndi pa WhatsApp sanamveko ngakhale nyimbo imodzi, koma agamula kale kuti bambowa asowa chochita, ndiponso kuti pa msinkhu wawo anayenera kukhala pakhonde n'kumalera zidzukulu. Ine ndikuona kuti chiweruzo chotere n'chaulesi, pakuti chimawerenga zaka za munthu m'malo momvetsera ntchito yake.

Kwathu kuno sewero ndi nyimbo sizinayambe zakhalapo zinthu ziwiri zosiyana. Aliyense amene anaonererapo beni akudziwa kuti wovina amavala yunifolomu ya usilikali, amadzipatsa udindo, amaguba monyada ngati ali pa perete weniweni, ndipo zonsezi amazichita uku akuyimba. Kodi ameneyu timutcha wazisudzo kapena woyimba? Agogo ofotokoza nthano madzulo amasintha mawu kuti amveke ngati Kalulu kapena Fisi, kenako pakati pa nthanoyo amayambitsa nyimbo, ana n'kumavomera. Magulu a zisudzo a m'midzi nawonso saitana anthu ndi kalata, koma ndi ng'oma ndi nyimbo, ndipo sewero likafika pa maliro kapena pa ukwati, ochita sewerowo ndi amene amayimba. Choncho munthu amene wakhala pa bwalo la zisudzo kwa zaka 30 wakhala akuyimba nthawi yonseyo, kungoti palibe amene anamujambula.

Za msinkhuzo, Amalawi tinaziyankha kale tokha. Bambo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anali ndi zaka pafupifupi 90 pamene anakhala pansi ndi Patience Namadingo mu 2020 n'kuyimbanso nyimbo zawo zakale, ndipo achinyamata omwewa amene lero akuseka anzathu a imvi ndi amene anazifalitsa pa TikTok mpaka zinamveka m'mayiko akutali. Komabe pa nkhani ya a Chalamanda pali mfundo imene ambiri amaidumpha, yoti iwo anagwira gitala kuyambira ali mnyamata. Chimene chinachedwa ndi kutchuka kwawo kunja kwa dziko lino, osati luso lawo.

Mfundo yomweyi ndi imene ndimaiona kwa akatswiri a mafilimu a kunja amene zinawayendera bwino atalowa m'zoyimba mochedwa. Hugh Laurie wa ku Britain, amene anatchuka pochita ngati dokotala wamwano m'sewero la pa kanema la ku America kuchokera mu 2004 mpaka 2012, anatulutsa chimbale chake choyamba mu 2011 ali ndi zaka 51. Anasankha nyimbo zakale za blues, anadzizungulira ndi oyimba amene anakulira m'nyimbo zimenezo monga Dr. John ndi Irma Thomas a ku New Orleans, ndipo piyano imene ankaliza anali ataiyamba ali mwana wamng'ono. Jeff Goldblum wa ku America anadikira mpaka 2018, ali ndi zaka 66, kuti atulutse chimbale chake choyamba cha jazz, ndipo chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa magazini ya zoyimba ya Billboard wa nyimbo za mtundu umenewo. Asanatero, anakhala zaka zambiri akuliza piyano ndi gulu lake m'malo ang'onoang'ono achisangalalo mu mzinda wa Los Angeles, kumene omvera ake anali anthu ochepa odzadya ndi kumwa. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo anthu awiriwa anapita ku situdiyo atadziwa kale chimene manja awo ndi makutu awo angathe.

Tsono tiyerekeze ndi zimene zinachitika ku Nigeria, dziko limene mafilimu ake tawaonera kwambiri m'mavidiyo sho a pa Mangochi pano. Mu 2004 amalonda amene ankapereka ndalama zojambulira ndi kugulitsa mafilimu analetsa akatswiri angapo otchuka kuonekera m'mafilimu atsopano, ponena kuti ankalipiritsa ndalama zambiri. Pa nthawi imeneyo Genevieve Nnaji anatulutsa chimbale chake mu 2004, ndipo Omotola Jalade-Ekeinde anatulutsa chake mu 2005. Onse awiri anali asanakwanitse zaka 30, anali ndi mayina odziwika mu Africa monse, koma lero tikawatchula timakumbuka mafilimu awo, osati nyimbo zawo. Unyamata sunawapindulire kanthu pa zoyimba, monganso ukalamba sunamulepheretse Goldblum. Chimene chimasiyanitsa ndi kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala akusula lusolo anthu asanamuone.

Ena akuti anzathu a zisudzo akuthamangira ku nyimbo chifukwa cha ndalama, ndipo amanena zimenezi ngati kuti agwira munthu akuba. Inde, ndalama ndi chimodzi mwa zifukwa zake, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Nthawi imene anthu ankadzaza French Cultural Centre ku Blantyre kukaonera gulu la Wakhumbata la malemu Du Chisiza Jr kapena Kwathu ya malemu Izeki ndi Jakobo inapita, ndipo m'maboma ngati lathu lino magulu ambiri a zisudzo amadalira mabungwe amene amawatuma kukaphunzitsa anthu za kolera, za Edzi kapena za kuipa kwa maukwati a ana. Pulojekiti ikatha, ntchito yathanso. Sewero limene lachitikira pansi pa mtengo wa mango ku Makanjira limathera pomwepo dzuwa likalowa, pamene nyimbo yojambulidwa imapitiriza kumveka pa wailesi, m'mabala ndi m'maukwati mwini wake ali mtulo, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama m'malo oterewa n'kugawira eni nyimbo amene analembetsa. Munthu amene mawondo ayamba kumuvuta, amene sangathenso kukwera lole usiku kupita kukachita sewero kumudzi wakutali, akuganiza bwino akamafuna ntchito imene ingamudyetse atakhala pansi.

Ngakhale zili choncho, sindikufuna kuti akuluakulu athuwa amve ngati ndikuwauza kuti dzina lawo ndi lokwanira. Kufuula pa bwalo kuti wa kumbuyo amve n'kosiyana ndi kusunga mawu pa kiyi imodzi mpaka mzere wa nyimbo utathe, ndipo mpweya wa munthu wa zaka 55 sufika pamene unkafika ali ndi zaka 25. Masiku ano kompyuta imatha kuwongola mawu okhota mpaka nyimbo n'kumveka yosalala pa foni, ndipo alipo ojambula nyimbo ena amene amangoyamikira chilichonse malinga ngati mwini wake walipira. Chinyengo chimenechi chimaululika tsiku loyimba pamaso pa anthu ndi bandi, pamene palibe batani loti n'kudina. Palinso vuto lina limene woyimba wamba sakumana nalo: anthu amene anazolowera kukuona ukuchita ngati chidakwa kapena mfumu yadyera amayamba kuseka usanatsegule n'komwe pakamwa, ngakhale nyimbo yako ikhale ya maliro. Kuti omvera aiwale munthu wa m'sewero uja n'kuyamba kumva woyimba, pamafunika nyimbo zabwino zingapo zotsatizana, osati imodzi.

N'chifukwa chake ndikanakonda kuti wazisudzo amene wasankha njira imeneyi ayambe wadzichepetsa, alowe kwaya kapena akhale pansi ndi woliza gitala wodziwa kwa miyezi ingapo, alole kuti mwana wa msinkhu wa mdzukulu wake amuuze kuti waphonya, ndipo asankhe kiyi yogwirizana ndi mawu amene ali nawo lero. Asavutike n'kupikisana ndi anyamata pa amapiano, pakuti kumeneko adzagonja ndipo adzaoneka ngati akuchitanso sewero. Chuma chake chili kwina. Amadziwa kumanga nkhani kuti ikhale ndi poyambira ndi pothera, amadziwa miyambi ya Chichewa ndi ya Chiyao imene achinyamata ambiri sangaitchule molondola, ndipo m'makutu mwake muli kalizidwe ka ng'oma za beni ndi manganje kamene anakula nako. Nyimbo zambiri za masiku ano, kunena mosabisa, zimavinitsa koma zilibe nkhani, ndipo mpata umenewo ndi umene munthu wa zisudzo angaudzaze kuposa wina aliyense.

Pempho langa kwa oulutsa mawu a mawailesi a m'boma lino, monga Dzimwe ndi Umoyo, ndi loti nyimbo ya munthu wotere aziimvetsera monga amamvetserera ya wina aliyense, asaiike pa wailesi chifukwa choti mwini wake ndi wodziwika, komanso asaikane chifukwa choti ali ndi imvi. Okonza zoyimbayimba m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kumene chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikirako kwa zaka zingapo ku Nkopola, angathe kupereka mpata wa masana kwa oyamba kumene oterewa kuti ayesedwe ndi bandi pamaso pa anthu. Inunso akonzi, atolankhani anu akamalemba za chimbale chotere, atiuze ngati mawu akugwirizana ndi zoyimbira, ngati uthenga wake ndi wakupsa, ndi amene analiza zida, m'malo modzaza tsamba ndi kudabwa kuti agogo alowa mu situdiyo.

Kwa eni akewo ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene pa msinkhu wawo sichiyenera kuzengerezedwa. Lamulo la umwini wa luso la 2016 limateteza nyimbo pa moyo wonse wa woipeka ndi zaka zina 50 iye atamwalira, kutanthauza kuti phindu lake lingathe kufikira ana ndi zidzukulu. Koma zimenezi zimayenda bwino ngati nyimboyo inalembetsedwa ku COSOMA m'dzina loyenera, ndiponso ngati panali mgwirizano wolembedwa pakati pa woyimba, wojambula ndi oliza zida wonena za gawo la aliyense. Mgwirizano umenewu usayinidwe chimbale chisanaperekedwe ku wailesi kapena kwa anyamata obena nyimbo mumsika.

Ine wokonda zisudzo,
Mpondasi, Mangochi