Gitala ya flamenco imafuna zida zakuthwa ndi muyeso, osati makina

Akonzi,

Tipatseniko danga tilankhule ndi akalipentala amene amalakalaka kupanga gitala ya flamenco, mtundu wa nyimbo za ku Spain, koma amagwa mphwayi poganiza kuti pafunika makina okwera mtengo. Antonio de Torres, mmisiri wotchuka wopanga magitala wa ku Almería ku Spain, yemwe anamwalira mu 1892, ankagwiritsa ntchito zida zamanja, ndipo amisiri a ku Spain akutsatabe kapangidwe kake.

Chida choyamba mumadzipangira nokha. Ndi solera, thabwa limene gitala imamangidwirapo chafufumimba. Pomwe padzakhale buliji, kamtengo komangapo nsambo pa thabwa lakumaso, mumasemapo kadzenje kosapitirira mamilimita 2, ndipo thabwa lomweli ndilo limakhazikitsa kapendekeke ka khosi. Ambiri amaphonya apa. Pa flamenco nsambo zimayenera kukhala pansi kwambiri: mamilimita 7 kapena 8 kuchokera pa thabwa lakumaso pa buliji, ndi pafupifupi 3 pamwamba pa fureti ya 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala). Solera ikalakwika nsambo zimakwera, ndipo kukonza kwake nkovuta chifukwa khosi silizuka. Matabwa a m'mbali amalowa m'mipata yochekedwa patsinde pa khosilo.

Thabwa lakumaso, la spruce, limapalidwa mpaka kutsala mamilimita 2 ndi pang'ono. A m'mbali, a cypress, asapitirire 2. Pafunika puleni yaikulu ndi yaing'ono, matchizulo osemera timitanda ta m'kati, kachitsulo kopalira, ndi choyezera kunenepa chofika pakati pa thabwa. Mwala wonolera musauchepetse, pakuti puleni yobuntha imang'amba thabwa lopyapyala chonchi m'malo molipala.

Popinda matabwa a m'mbali, paipi yachitsulo yotenthetsedwa ndi yokwanira. Donthezerani madzi: akamavina pachitsulopo, moto wafika. Thabwa linyowe pang'ono chabe, ndipo mulikankhe mofatsa mpaka lilole lokha. Likanenepa limathyoka m'chiuno mwa gitala, moto ukachuluka limapserera, ndipo pa cypress, mtengo woyera, chipseracho sichibisika.

Mafureti amafuna rula yachitsulo ndi sowo yocheka mpata wa mamilimita pafupifupi 0.6, wolingana ndi phazi la fureti. Nsambo zikakhala za mamilimita 650, gawani ndi 17.817: fureti yoyamba igwera pa 36.5 kuchokera pomwe nsambo zimayambira kumutu kwa khosi. Chotsalacho muchigawenso chimodzimodzi mpaka ya 12 igwere pa 325.

Zopanira zambiri sizofunika, chingwe ndi timitengo tosongoka zimagwira bwino. Guluu wa zikopa amasungunulidwa m'madzi otentha madigiri 60. Akawira amatha mphamvu.

Kuno kwathu tiwonjezepo choyezera chinyezi. Matani timitanda chinyezi chili pakati pa 45 ndi 50 peresenti. Thabwa lomatidwa m'dzinja limafota ikafika October, nkung'ambika motsata mitsempha yake. Mukamaliza kupaka shellac, mtundu wa vanishi, matani golpeador, kapulasitiki koteteza thabwa lakumaso pamene woimba amagogoda ndi zikhadabo.

Amisiri a zoimbira za nsambo