Kwa mwana wanga, pa nkhani ya kumva mawu a Mulungu

Mufakose, Harare

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tilipo, koma miyendo yangayi ndi madzi a pampopi, zonse zikuyenda mwa apo ndi apo.

Mawu ako aja akuti Mulungu sakulankhula nawe, mwina anakutaya kalekale, si oyankha ndi mizere iwiri ya pa WhatsApp. N'chifukwa chake ndalemba kalata.

Tsegula Yohane 12, ndime 28 ndi 29. Yesu ali ku Yerusalemu, mawu anamveka kuchokera kumwamba khamu la anthu lili pomwepo. Ena anati kwagunda bingu, ena anati mngelo walankhula naye. Makutu awo onse anali abwinobwino, koma aliyense anamva malinga ndi zimene anali atasunga kale mumtima. Funso langa kwa iwe ndi lakuti, kodi mumtima mwakomo unasungamo Mulungu wotani?

Ndikudziwa, poti ndinakubala ndine. Agogo ako anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, chija cha 1953 mpaka 1963, kudzagwira ntchito m'nyumba za azungu mzinda uno ukadali Salisbury. Anzawo anamwazikana m'mapulazi a fodya ndi m'migodi. Mpingo wathu wa CCAP unayamba kuno mu 1912 chifukwa cha anthu oterowo, ongobwera. Iwe unabadwira konkuno, Chishona chako n'chosalala kuposa Chichewa, komabe kusukulu ankakutcha mubwidi, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, ndipo chitupa chako chinkati ndiwe mlendo m'dziko lobadwiramo. Malamulo atsopano a mu 2013 anakonza za pepalazo. Za mumtima sanazifike.

Ndimakumva ukamapemphera. Umaima pamaso pa Mulungu ngati mmene agogo ako ankaimira kukhomo lakuseri kwa bwana, chipewa chili kumanja, kudikira kutumidwa kapena kukalipidwa. Munthu woima chotero samva china koma ziwiri zomwezo. Mtima ukakutsutsa usiku kuti ndiwe wachabechabe, suchedwa kunena kuti Mulungu walankhula. Ukawerenga kuti “usaope” kapena “ndili nawe”, umati amenewo ndi mawu a ena, a anthu oyera bwino, n'kutseka Baibulo. Ndiye ukuti sakulankhula? Akulankhula, koma iwe unasankhiratu mawu amene angakhale ake.

Kumbuka kapolo wa pa Mateyu 25, uja anakumba pansi n'kubisa ndalama. Chifukwa chake anachinena yekha, kuti ankadziwa mbuye wake kukhala munthu wouma mtima, choncho anachita mantha. Mbuye yemweyo ndiye anali atangouza akapolo ena awiri kuti alowe m'chikondwerero chake. Paulo pa Aroma 8:15 akuti sitinalandire mzimu wa ukapolo wotibwezera ku mantha, koma wa umwana, wotiitanitsa Mulungu kuti Atate. Pa Aefeso 2:19 akuti sitilinso alendo, ndife a m'banja la Mulungu. Ndimeyi ife a kuno tinayenera kuiloweza tisanaloweze ina iliyonse.

Usandimve molakwa, Mulungu amadzudzula ndithu. Koma kudzudzula kwake kumatchula tchimo lenileni, kuti wanamiza mkazi wako pa ndalama zija, pita ukakonze, ndipo ukakonza mtima umapepuka. Paulo anachitcha chisoni cha kwa Mulungu, chofikitsa munthu pa kulapa (2 Akorinto 7:10). Mawu aja ongoti palibe chako, ndiwe wotembereredwa, a kwanu onse ndi otero, osakuonetsa polowera kapena potulukira, amenewo usawapatse mpando.

Ndamvanso kuti wayamba kuyenda kwa aneneri. Mu Harare muno sasowa, ena m'matenti akuluakulu, ena kuthengo ndi mikanjo yoyera, ndipo sindiweruza onse. Chondidetsa nkhawa ndi chimene chikukupititsako, chomwe ndi chikhulupiriro chija chakuti Mulungu ali ndi anthu ake olankhula nawo, iwe uyenera kulipira kuti akutulire uthenga. Ndalama ya lendi n'kumagulira mafuta odzozera, mwana wanga! Samueli anali kamnyamata pamene anaitanidwa usiku. N'zoona kuti anafunika Eli womuuza kuti woitanayo ndi Yehova, koma Eli sanamumvere m'malo mwake. Anamubweza kukagona kuti akayankhe yekha. Mtumiki woona amachita zimenezo.

Palinso ngozi ina, yomva zimene ukufuna kale kumva kapena kukana zimene sunazizolowere. Petro anauzidwa katatu m'masomphenya ku Yopa, iye n'kumakana, poti kuyambira ubwana anaphunzira kuti zakudya zina n'zodetsedwa. Anamvetsa bwino atafika m'nyumba ya Korneliyo. Choncho chilichonse chimene ukuganiza kuti wamva, chiyese ndi Malemba, chifotokoze kwa mkulu wa mpingo amene amakudziwa makhalidwe ako, ndipo usathamange nacho.

Pempho langa ndi ili. Mwezi uno werenga Yohane yense, pang'onopang'ono, m'Chichewa kapena m'Chishona, chimene chimakufika pamtima. Paliponse pamene mtima wako wati “izi si za ine”, ikapo chizindikiro ndi pensulo. Ubwere nalo Baibulolo tidzaone limodzi malo amenewo, mwina Lamlungu la Mgonero likudzali tikaweruka.

Ubwere ndi ana, wamng'onoyo ndamusowa. Ukadutsa ku Mbare Musika undigulireko nsomba zouma ndi mtedza wosinjira, ndalama ndidzakubwezera. Upereke moni kwa apongozi anga.

Ndine mayi ako.