Kalata kwa Mnzanga wa ku Manchester: Za Wotchi ya Zenith Ija

Wokondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalata yanu ndinailandira, ndipo pa funso lanu lakuti mugule kapena musagule wotchi yakale ya Zenith El Primero yomwe mwaiona mu sitolo kumeneko, ine ndikuti gulani ngati thumba likulola, koma muyambe mwamva mbiri yake.

Kampani ya Zenith ili m'tauni ya Le Locle ku Switzerland, ndipo anaiyambitsa ndi Georges Favre-Jacot mu 1865. Makina a El Primero anawatulutsa mu January 1969. Safuna batire, chifukwa mkono ukamagwedezeka kachitsulo kolemera kamazungulira m'kati n'kumanga sipuling'i, ndipo amagunda maulendo 36,000 pa ola, mwakuti amatha kuyeza gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Tsoka lake, m'mwezi wa December chaka chomwecho kampani ya Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa Astron, wotchi ya batire yosunga nthawi molondola kuposa iliyonse ya sipuling'i, ndipo m'zaka zotsatira mafakitale ambiri a ku Switzerland anatsekedwa.

Mu 1975 eni ake a Zenith, omwe panthawiyo anali kampani ya mawailesi ya ku America, analamula kuti wotchi za sipuling'i zisiyidwe ndipo zida zozipangira zigulitsidwe ngati zitsulo zotha ntchito. Mmisiri wina dzina lake Charles Vermot anawalembera kalata yowachonderera, koma sanamumvere. Pamenepo iye anayamba kusamutsa mobisa zikombole, zida ndi mapepala a ndondomeko ya ntchito, n'kuzisunga m'chipinda cha kudenga kwa fakitaleyo, chilichonse atachilemba bwinobwino m'buku. Kampaniyo itabwerera m'manja mwa anthu a ku Switzerland, ndipo ogula atayambanso kufuna wotchi zoterezi, Vermot anaulula pomwe anabisa katunduyo. N'chifukwa chake kuyambira mu 1988 mpaka 2000 ngakhale Rolex, yomwe ambiri amaiyesa yosapempha kanthu kwa wina, inkaika makina a Zenith mu wotchi yake ya Daytona, itawachepetsa liwiro kufika pa maulendo 28,800 pa ola. Kwa ine, munthu wosamvera bwana uja anachitira kampaniyo zabwino kuposa mabwana onse a nthawiyo.

Musanapereke ndalama, wogulitsayo atsegule kumbuyo kuti muone makina ake, ndipo akuuzeni chaka chomwe anaitsuka ndi kuithira mafuta komaliza, pakuti makina othamanga chonchi amaperepeseka msanga mafuta akauma. Ngati nkhope yake anaipakanso penti, mtengo utsike ndithu, chifukwa odziwa wotchi amakonda yofwifwa koma yosakhudzidwa. Mufunsenso ngati mumzinda mwanumo muli mmisiri woidziwa, ndi ndalama zomwe amalipiritsa.

Mundilembere mtengo womwe akutchula musanavomere. Moni kwa onse kunyumba.

Ine mnzanu,
Kondwani